Munda wa a Mbewe sunkakwana m'foni

Linali Lolemba loyamba la mwezi wa Malichi, cha m'ma 8 koloko m'mawa, pamene a Kaludzu, wapampando wa kalabu ya alimi a mtedza ku Nsaru, anandipeza ndikupalira pakhomo. Ankafuna munthu wotha kulemba Chingerezi. Chimalizireni Folomu 4 ndinali ndisanalembedwepo ntchito, imvi zitayamba kale.

Kalabu inkafuna webusaiti, masamba ake a pa intaneti, kuti ogula a m'tauni aziona mtedza wathu. Mayi wina wa ku Lilongwe wopanga mawebusaiti anakana kutchula mtengo tisanamuuze zomwe tikufuna. Anatumiza mafunso pafoni: masamba angati, Chichewa chokha kapena ndi Chingerezi chomwe, ogula azingoona kapena aziitanitsanso katundu, wosintha mitengo adzakhala ndani. Anafunanso zithunzi makumi awiri zopingasa, munda wonse uzioneka.

"Pofika Lachisanu madzulo zikhale zitapita," anatero a Kaludzu. "Mukatha, ulembi wa kalabu ndi wanu. Mukalephera, tifuna wina."

Mafunso tinayankha ndi komiti Lachiwiri. Zithunzi ndinkajambula ndekha, kuyenda panjinga munda ndi munda. Lachinayi masana ndinafika kwa a Mbewe, omwe mtedza wawo wa Chalimbana unkaposa wa aliyense. Pakhomo sindinawapeze, ndiye ndinangopita kumunda. Munda sunkakwana m'foni. Ndinayamba kubwerera cham'mbuyo, maso ali pagalasi, mpaka ndinamva mthunzi pamsana. Ndinali nditalowa m'mitengo ya kumanda, kudambwe, kumene amuna a gule wamkulu ankakonzekera maliro. Ine ndinakulira mumpingo, ndine wosameta, ndipo kumeneko wosameta safikako.

Nsungwi ya mmodzi wa amunawo inanditera pakhosi. Ndinagwa chafufumimba, wina n'kundiponda dzanja lomwe linali ndi foni.

"Ukujambula chiyani, iwe?"

"Ndi za pa intaneti," ndinatero. Yankho loipa kuposa limenelo panalibe.

Anandimenya mateche m'nthiti mpaka mpweya unakana kulowa. Anandikoka mwendo paminga, malaya n'kuthera pomwepo. Chibakera china chinang'amba chikope, china chinagwedeza mano awiri, m'kamwa munadzaza magazi ndi dothi. Foni anaiika pachitsa n'kuiphwanya ndi mpini wa khasu. Munali zithunzi khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Amene anandilanditsa ndi a Mbewe eniake. Anali m'gulu lomwelo.

"Msiyeni, ndi wa kukalabu uyu." Kenako anandiweramira. "Achimwene, munda wa eni mumalowa osaodira? Mukanandifunsa ndikanakuuzani poima."

Anandikweza panjinga yanga yomwe kupita nane kuchipatala, komwe anandisoka chikope. A Kaludzu anabwera kudzandizonda dzuwa likupendeka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Pepani kwambiri. Koma mawa ndi Lachisanube, eti?"

Ulembiwo ndili nawo mpaka lero, ndipo sindikwezanso foni pamalo pa munthu mwini wake asanandilozere poponda. Wopanga webusaiti amakuuza zoti ujambule. Pomwe suyenera kuima sangakuuze, sakudziwako.

Lachisanu lija m'mawa ndinabwereka foni ya mlamu wanga, diso limodzi litatsekeka. Ndinayambira kwa a Mbewe. Ndinaodira, ndinakhala pansi, ndinapepesa. Iwo anandigwira pamkono mpaka pachulu cha kum'mawa kwa munda, kutali ndi mitengo ija.

"Imani apa."

Munda wonse unakwana. Ndinajambula, n'kukwera njinga kukayambiranso minda inayo.