Mizere Imene Ndinayeza ndi Maso

Ndalemba nkhaniyi chifukwa kwathu ku Biriwiri, m'boma la Ntcheu, kwafala mawu onena kuti mizere yopingasa phiri imagumula munda. Mawuwa anayambira m'munda wa bambo anga, ndipo amene ndinawachititsa ndine. Ndikapanda kufotokoza mmene zinayendera, anthu apitiriza kuida njira yabwino chifukwa cha kulakwa kwa munthu mmodzi.

Munda wathu uli pamtsetse. Bambo anayamba kuulima atabwerako ku migodi ya ku Joni, kumene anatengako chifuwa chimene sichinawasiye mpaka lero. Mizere ankaiunga kuchokera kumtunda kulunjika kumunsi, monga amachitira alimi ambiri a kachewere poopa kuti madzi akadikha mbatatayo iwola. Madzi ankapitadi, koma sankapita okha. Chaka ndi chaka dothi lakuda linkachepa, katondo n'kumaonekera, miyala n'kumachuluka ngati ikumera. Chimanga chinkachita chikasu chisanafike m'chiuno, ndipo kaufiti ankafiira ponseponse. Ngakhale feteleza wa makuponi atabwera, ntchito yake sinkaoneka.

Malo amodzi okha ndiwo ankatidyetsa. Pakati pa mundawo panali khola la ng'ombe za agogo anga kalekale, ng'ombezo zisanathe, ndipo tinkangopatchula kuti pakhola. Nthaka yake inali yakuda bii, yofewa moti khasu linkalowa lokha. Chimanga cha pakhola ndicho chinkatifikitsa ku zokolola zina.

Nditamaliza chaka choyamba ku koleji ya zaulimi, ndinabwera kutchuthi anthu ali mkati mososa. Tsiku lachiwiri lomwe ndinawayamba bambo.

“Ababa, mizere yathuyi ndiyo ikutaya nthaka. Tiitembenuze, ipingase phiri, madzi azilowa pansi.”

“Iwe undiphunzitse khasu ine?” anatero bambo. “Pamene ndinkayamba kulima unali usanaganiziridwe n'komwe.”

Amayi ndiwo anandiikira kumbuyo. “Mumvereni mwanayu, abambo ake. Mbuzi zija munagulitsa kuti akaphunzire chiyani, ngati zimene waphunzirazo muzizikana?”

Patapita masiku awiri, bambo anavomera.

Mzere wopingasa umafunika kuyezedwa kuti mbali ina isatsike kuposa inzake. Choyezera chake n'chosavuta: mitengo itatu yomangidwa pamodzi, ndi chingwe cholendewera pakati chokhala ndi mwala kunsonga. Mlangizi wa dera lathu anali nacho, koma analinso ndi midzi yambiri ndi njinga imodzi. Anati adzafika pakatha masabata atatu, pamene tchuthi changa chinali chitatsala ndi masabata awiri. Ndikanatha kuchipanga ndekha. Koma chipangizocho ndinali nditangochiona chojambulidwa pabolodi, ndipo ndinachita manyazi kuti bambo aone ndikufufuza kagwiritsidwe kake pamaso pawo. Ndinadula zikhomo, n'kuyamba kuzikhoma mongoyang'ana.

“Ku mgodi ankayeza ndi kagalasi kokhala ndi madzi m'kati,” anatero bambo. “Nanga iwe ukuyeza ndi chiyani?”

“Ndi maso, ababa. Malowa ndikuwadziwa.”

“Ehe. Maso a ku koleji.”

Tinagwira ntchitoyo anthu atatu, kufafaniza mizere yakale ndi kuunga yatsopano, bambo akuima kawirikawiri kuti atsokomole. Mwini dimba la kumunsi kwa munda wathu, mnzawo wa bambo kuyambira ubwana, ankadutsa n'kumafuula kuti, “Achimwene, mwalemba mlangizi wanuwanu? Ndiye mukakolola mundibwerekeko!” Komabe alimi ena awiri anabwera kudzafunsa mwachidwi, nanena kuti zikayenda bwino adzatsatira.

Chimene sindinaone n'chakuti mizere yanga yonse inali yotsika pang'ono pakati, mwina kutalika kwa chikhato chabe, ndipo potsikapo panali pamwamba penipeni pa khola.

Ndinabweranso pa tchuthi cha Khirisimasi chimanga chitafika m'mawondo. Tsiku lina masana tikupalira, kunagwa mvula yamphamvu ndipo tinabisala pansi pa mtengo wa mango kumalire a munda. Ndinaona madzi akuyenda m'mizere kuchokera kumanja ndi kumanzere, n'kukumana pakati. Kale mzere uliwonse unkatsitsa madzi akeake. Tsopano madzi a munda wonse anasonkhana pamalo amodzi. Mzere wa kumtunda unadzaza n'kuphulika, madzi ake anagwera pa wachiwiri, wachiwiri pa wachitatu. Amayi anathamanga ndi khasu kuti akatseke, koma bambo anawagwira dzanja.

Mvula itakata, bambo anatsika okha, kenaka anandiitana. “Bwera udzaone.”

Pakati pa khola panali patang'ambika chigwembe chofika m'chiuno. Mbali zonse ziwiri dothi lakuda linali litasesedwa pamodzi ndi chimanga chake. Bambo analowa m'chigwembemo, natapa katondo wofiira, n'kundiikira m'manja.

“Uku ndiko kunsi kwa khola la agogo ako,” anatero. “Ine sindinakuonepo.”

Sanandikalipire tsikulo kapena tsiku lina lililonse. Dothi lathu linakaunjikana m'dimba la mnzawo uja, ndipo kabichi wake chaka chimenecho anachita bwino kuposa kale. Kwathu nkhokwe inatha mvula yotsatira isanayambe. Amayi ankawoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambiki, n'kumabwera ndi madeya pamutu. Zimenezi sanandiuze, ndinazimva kwa mlongo wanga.

Nyengo yolima itakwananso, bambo anabwezera mizere yawo yakale yolunjika kumunsi. Alimi awiri aja sanabwerenso kudzafunsa. Mlangizi akaitanitsa msonkhano wa akalozera, mizere yopingasa yoyezedwa ija, anthu amamulozera chigwembe chathu.

Tsopano choyezera chija ndimachidziwa, ndipo ndinapanga changa. M'chigwembe ndinatchingamo miyala ndi kubzala udzu wa vetiva, moti chaleka kukula. Chaka chatha ndinapempha bambo kuti ndiyesenso, ndikuyeza moyenera. Analoza kumtunda kwenikweni, kumene kuli katondo ndi miyala.

“Kayese uko. Kulibe chotaya.”

Ndiko ndikugwira ntchito, kukwirira mapesi ndi kuthira manyowa ochepa amene timapeza. Ndikudziwa kuti katondo amatenga zaka zambiri kuti ade, ndipo masiku ano bambo amapuma kawiri asanafike kumundako.

Ngati pali mlimi, mlangizi kapena mphunzitsi amene waona kuti ndafotokoza molakwa za nthaka, kapena kuti Chichewa changa chapotoka penapake, ndikupempha kuti andiwongolere kudzera kwa akonzi. Nthawi ina ndinachita manyazi kufunsa, ndipo zotsatira zake zikuonekabe m'munda mwathu.