Mchere wa M'dzanja Langa

Amuna anga ankasenza katundu wa alendo okwera phiri kuchokera pa Likhubula. Ntchitoyi anaiyamba asanandikwatire. Anali munthu wamphamvu, wokonda ndiwo zokolera mchere. Akatsika m'phiri, malaya awo ankakhala ndi mizere yoyera ya thukuta louma, ndipo ankati mchere umene watuluka uyenera kubwerera m'thupi.

Matenda anayamba ndi mutu. Kenako anayamba kubanika pachitunda choyamba, pamene kale ankadutsa akuimba mluzu. Mapazi atayamba kutupa, ndinawakakamiza kuti tipite kuchipatala ku Boma. Namwino anawamanga chopimira pamkono, anayang'ana, anabwerezanso, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, wophika ndinu?"

"Ndine."

"Magazi a bambowa akuthamanga kwambiri. Mapilitsi tiwapatsa, koma mankhwala ena ali m'manja mwanu. Mchere musiye kaye. Soda ayi, nsomba zamchere ayi. Azidya masamba, nandolo ndi zipatso. Azigona msanga, ndipo katundu wolemera apumule."

Ndinamvera. Kwathu zinthu zimenezi sizisowa. Nkhwani ndi chisoso zili kuseri kwa nyumba, nandolo timalima tokha, mapeyala amagwa okha mumtengo. Ndinkathira nsinjiro, tomato wambiri ndi anyezi, nthawi zina kufinyira ndimu kuti ndiwo zisasukuluke. Iwo ankadya akudandaula kuti ndawasandutsa mbuzi, koma ankadya. Dzuwa likangolowa ankakagona. Patapita miyezi ingapo mutu unaleka, mapazi anayamba kuphwa, nsapato zinayambanso kulowa.

Koma kwathu mchere si wokometsera ndiwo chabe. Kuchinamwali tinalangizidwa kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, amapempha wina amuthirire. Tinauzidwanso kuti mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadwala tsempho: amatupa mapazi, amabanika pachifuwa, mapeto ake amafa. Ndiye mkazi akaleka kugwira mchere miyezi yathunthu, anthu amafunsa chimene akuopa. Ine zimenezi ndinkazidziwa bwino, koma sindinaganize kuti zingandikhudze.

Achemwali awo aakulu, alamu anga, amachita geni ku Muloza. Anabwera kudzaona wodwala, ndipo ndinawaphikira nandolo. Analawa kamodzi n'kubweza dzanja.

"Alamu, kuno mchere unatha m'magolosale?"

"Achipatala analetsa, alamu."

"Analetsa iwowa kudya, kapena analetsa inuyo kuthira?" Anayang'ana mapazi a mlongo wawo nthawi yaitali. "Mwamuna wotupa mapazi, mkazi wothawa mchere. Ine ndinabadwa kale."

Amuna anga anangoti, "Achemwali, idyani, zizizira."

Nkhani ija inayenda mpaka inafika pa Likhubula, pamene onyamula katundu amakhala podikira alendo. Amuna anga ankapitabe kukacheza ndi anzawo. Kumeneko anayamba kuwafunsa moseka kuti, "Achimwene, mukagona kumwamba kuja, kumunsi kuno amaphikira ndani?" Amuna anga tulo tija tinawathawa. M'mawa ankadzuka maso ali psuu, mutu utayambiranso.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, alamu anabweranso, ulendo uno ndi amalume awo. Anakhala pakhonde. Ine ndinali ndi mphika wa nkhwani pamoto. Amuna anga anatulutsa paketi ya mchere m'thumba la jekete, n'kuiika pafupi ndi mafuwa.

"Mayi, thirani. Ndi dzanja lanu, onse akuona."

"Bambo, namwino uja anati chiyani?"

"Ndinamva. Ine sindikukukayikirani, mukundidziwa. Koma ndatopa nawo anthu. Thirani atseke pakamwa."

Ndinatapa pang'ono ndi zala n'kuwaza.

"Mukuphikira khanda?" anatero alamu.

Ndinatapa wodzaza dzanja. Amuna anga anadya mpaka kunyambita mbale, akuyang'ana amalume awo m'maso. Tsiku limenelo sanadwale, ngakhale mawa lake. Amalume ananyamuka akunena kuti nkhani yatha.

Kungoti mchere ukabwerera m'mphika motero suchokamonso. Ndikanasiya, nkhani ikanayambiranso. Ndinayesa kumachepetsa mwakachetechete, koma iwo ankalawa n'kunena kuti, "Mayi, musandibwezere m'kamwa mwa anthu." Pofuna kuonetsa kuti achira, anabwereranso kuphiri. Sindikunena kuti mchere wokha ndi umene unawapha. Mapilitsi ankamwa modumphadumpha, tulo analibe, katundu anali yemwe uja. Zonse zimene namwino analetsa zinabwerera chimodzichimodzi, ine ndikuona.

Anagwa nthawi yamvula, ali ndi chikwama cha mlendo kumsana. Anzawo omwe ankawaseka aja ndi amene anawatsitsa m'phiri pamachira a nsungwi. Nditafika ndinapeza pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa. Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Sanayankhulenso. Ankangondigwira chitenje ndi dzanja lamanzere.

Pamaliro ndinakhala m'nyumba pamphasa, amayi anzanga atandizungulira. Alamu anali pakhomo, ndipo sanatsitse mawu.

"Tinanena ife. Anathira mchere ndi dzanja lake, tonse tikuona. Taonani lero."

Pamene sindinkathira, anati ndikubisa mlandu. Nditathira, anati ndawapha nawo.

Chaka chatha namwino wina anandipima ine, n'kunena kuti magazi anganso akuthamanga. Anayamba kundiwerengera zoti ndisiye ndi zoti ndizidya. Ndinamusiya amalize, ngakhale zonse ndinkazidziwa. Tsopano ndimaphika masamba anga opanda mchere, ndimagona ndi nkhuku, m'mawa ndimapita kumunda. Mkazi wamasiye palibe amene amamufunsa chifukwa chake sathira mchere.

Alamu amabwerabe nthawi zina kudzaona ana amene mlongo wawo anandisiyira. Ndimawaphikira. Mchere ndimawaikira m'kambale pambali, amathira okha.