Mpata Umene Abambo Anasiyira Lipenga

Kaseti ija inali yakuda, yong'aluka pakona, ndipo pakapepala kake abambo analembapo ndi bolopeni yofiira kuti: "Ya ine ndi alamu. Osajambulapo china." Amayi ankaisunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi singano, ulusi ndi makadi athu a kusikelo. Ndikaikumbuka lero, fungo limene limandibwerera si la chitinicho ayi, koma la fodya wouma.

Tinkakhala ku Mwazisi, m'nyumba ya boma ya malata, kufupi ndi nkhalango ya Vwaza. Kwathu ndi ku Zomba. Abambo anawatumiza kumpoto ngati mlangizi wa zaulimi, nthawi imene alimi ang'onoang'ono anali atangololedwa kulima fodya wa bale, zipani zitangochuluka, azimayi pamsika akuvala zitenje za nkhope zosiyanasiyana popanda wocheuka. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Chitumbuka ndinkachiyendetsa bwino kuposa amayi, amene mpaka tsiku losamuka ankangodziwa "yewo" basi.

Mkati mwa sabata abambo anali a fodya, Loweruka anali a gitala. Asanakwatire ankaimba m'kagulu kena ku Blantyre pamodzi ndi amalume, mchimwene wa amayi, amene ankaliza lipenga. Nyimbo zawo zinali jazi yakale ija yofatsa, ya m'mbale zimene achikulire ankabwera nazo kuchokera ku Joni, yoyenda mwakachetechete ngati munthu woopa kudzutsa mwana. Anthu a ku Mwazisi ankaima kumpanda kwathu kudikira kuti nyimbo iyambe, osadziwa kuti inayamba kalekale. Abambo ankangoseka. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero, n'kupitiriza kukodola nsambo zawo.

Nyimbo ya m'kaseti ija anaipeka okha. Anaijambula Loweruka lina masana pa wailesi yathu ya makaseti, ine nditakhala pamphasa, atandiopseza kuti ndikatsokomola ndilibe tiyi. M'nyimbomo anasiyamo mipata inayi. Akafika pampata, gitala ankaibweza m'mbuyo, ikungogunda pansipansi, ndipo iwo ankanena chapansi kuti, "Apa ndi panu, alamu." Kenaka analemba kalata kuitana amalume kuti abwere ndi lipenga adzadzaze mipatayo. Yankho linabwera: mwezi wa mawa. Analembanso, yankho lomwelo. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, mwezi wa mawa uja osafika.

Chaka chachitatu abambo anadwala kaodzera, matenda a ntchentche za m'nkhalango zija. Munthu wa njinga yamoto uja, amene sankakhazikika, anayamba kugona ali pakati pa nkhani. Anamwalira m'Januwale, ndipo tinakawaika ku Zomba. Tinabwerera ku Mwazisi kuti ine ndimalize temu, amayi alongedze, chifukwa nyumba ya boma siilira maliro nthawi yaitali. Pamene fodya ankauma m'zigafa, amalume anatulukira pa matola, fumbi mpaka m'nsidze, atanyamula kachikwama ndi bokosi la lipenga.

Ndinawakwiyira amalume zaka zambiri chifukwa cha kuchedwa kumeneko. Lero ndine mayi wa ana atatu, ndili ndi anthu anga amene ndimawauza kuti mwezi wa mawa, ndiye pakamwa panga sipatsegukanso kwambiri.

Amayi anatsegula chitini, kuika kaseti m'wailesi, n'kudina. Gitala inayamba. Itafika pampata woyamba, mawu a abambo anatuluka ngati ali kuchipinda: "Apa ndi panu, alamu." Amalume anadzuka n'kutuluka panja, amayi n'kuzimitsa. Amalume anakaima pansi pa mtengo wa mango nthawi yaitali, atatipatsa msana. Pobwera anangoti, "Achemwali, ndabwera mochedwa, koma ndabwera. Ndiloleni ndilowemo m'nyimboyi."

Amene ankadziwa njira yake anali aphunzitsi anga a sitandade 4, Mtumbuka wamtali wa komweko, wokonda kumasula mawailesi a anthu ndi kampeni. Iwo anali ndi wailesi ya makaseti yawoyawo. Anafotokoza kuti wailesi yathu iziimba abambo, amalume aziliza lipenga pambali, ndipo wailesi yawo izimva zonse ziwiri n'kuzisunga pa kaseti yatsopano. Abale inu, ine mutu unazungulira. Munthu tinamuika m'manda ndi maso athuwa, ndiye aimbe nyimbo imodzi ndi wamoyo? Aphunzitsi anangogwedeza mutu ngati ndi masamu a pabolodi.

Tinayesa m'nyumba. Zinakanika msanga: lipenga linkagunda m'makoma n'kubwerera, malata ankathetheka ndi dzuwa, ndipo pomvera zinali ngati amalume akuimbira mumgolo, abambo osamveka n'komwe. Analekeza pampata woyamba. Mawa lake tinayesanso titapachika mabulangete. Tili pampata wachiwiri, gitala inayamba kulira ngati mwana wa mbuzi, kenaka zii. Wailesi inali itadya tepi.

Sindidzaiwala mmene amayi anagwirira pakamwa. Aphunzitsi anasolola kalamba kabulauni kaja ndi mtengo wa machesi pang'onopang'ono, thukuta lili chuchuchu, kukawongola pabondo, kudula popindika ndi lezala n'kulumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo wa amayi. Atatha anati, "Amama, tepi iyi yatopa chomene. Ikhoza kuyenda kamodzi kokha mpaka kumapeto. Ikadukanso ndiye basi." Anawapatsa amayi njira ziwiri. Ulendo umodzi wotsalawo akanatha kukopera abambo okha, kuti mawu awo asungike. Koma kukopera kwa pamphepo kumafooketsa mawu, ndipo kudzaimbira lipenga pamwamba pa kope yofookayo kukanawamiza abambo m'phokoso. Njira ina inali kulowetsa amalume pa ulendo womwewo, osayeserera, osabwereza, ndipo akalakwitsa cholakwacho chikhala mpaka kalekale.

Amayi anatenga kaseti ija n'kuwerenga kapepala kake ngati akukaona koyamba. "Analemba okha kuti ya iwo ndi alamu," anatero. "Sanalembe kuti ya m'chitini."

Tsono amalume akanaiphunzira kuti nyimbo, poti kaseti sinkayenera kukhudzidwanso? Apa ndiye ndinakula mutu. Ine ndinali nditaimva nyimbo ija kosawerengeka, inali m'mutu mwanga yonse. Sabata yathunthu, ndikaweruka kusukulu, ndinkakhala pakhonde kuing'ung'uza, phazi likugunda pansi mmene abambo ankachitira, amalume akutsatira. Ankatseka kukamwa kwa lipenga ndi kachitsulo konga chikho, ndipo mawu ankatuluka ang'ono, ozizira, ngati akuchokera kutsidya la mtsinje. Ine ndinkadziwa malipenga a gule wa malipenga ndi a apolisi, aphokoso odzutsa agalu. Sindinkadziwa kuti chitsulo chingathe kunong'ona. "Usathamange, mwanawe," amalume ankatero. "Bambo wako sankathamangitsidwa ndi munthu."

Pa mpata uliwonse anapeka kanyimbo kakekake. Ka mpata wachinayi ndiye kanali kosaneneka. Kankakwera pang'onopang'ono, kuima m'mwamba mpaka iwe womvera mpweya kukuthera, kenaka kutsika mofewa. Amayi akakamva ankasiya kukulunga mbale m'manyuzipepala n'kungokhala. Ine ndinkapempha kuti akabwereze, ndipo ndinauza anzanga onse kusukulu kuti wachinayi ndiye mudzaone.

Malo ojambulira anawapeza aphunzitsi. Tsiku lina anatitengera m'chigafa chawo cha fodya, chachitali, chofolera udzu, masamba osokedwa atalendewera mizeremizere kuyambira kudenga mpaka m'mapewa. Anaomba m'manja kamodzi. Phokoso linafera pomwepo, osabwerera. "Fodya amamwa phokoso," anatero. Amalume analiza kamodzi n'kutsitsa lipenga, kuyang'ana masamba aja ngati alowa m'tchalitchi. Koma nthawi inali itatha: Lolemba fodya ankatsitsidwa kuti ayambe kusankhidwa, Lachiwiri lole yotisamutsa inkabwera. Linatsala Lamulungu masana.

Mbiri inali itawanda kuti alangizi aimbanso. Titafika tinapeza alimi atakhala kale kunja kwa chigafa, ena ndi majekete a kutchalitchi, azimayi ndi ana kumsana. Palibe anawauza zochita, koma anyamata anapirikitsira nkhuku kudambo, mbuzi anazimangirira kutali, amene ankasinja anagoneka misi pansi. Mkulu wina amene ankakangana ndi abambo chaka chilichonse pa nkhani ya feteleza anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Mudzi wonse unangoti zii, moti ndinkamva njiwa za ku Vwaza.

M'kati munali kamdima kofiirira, dzuwa likulowa m'timipata, fungo lotsekemera lokanda kukhosi. Aphunzitsi anaika mawailesi awiri aja pa benchi, pafupipafupi, mabatire atsopano. Malo oima amalume anawayeza ndi mapazi: masitepe asanu ndi limodzi kubwerera m'mbuyo, lipenga kuloza m'masamba, kuti asawaphimbe abambo. Aphunzitsiwo anakhala pansi ndi lichero lovundikira pamiyendo ndi katsache kakang'ono. Ine ndi amayi tinakhala pa chiguduli. Aphunzitsi anandiyang'ana ndi diso la m'kalasi lija, ndinameza chifuwa changa, ndipo anadina mabatani.

Gitala inalowa. Katsache kanayamba kusesa palichero, shaa, shaa, ngati mvula ya kutali. "Apa ndi panu, alamu." Amalume anapuma, n'kulowa.

Ndamva nyimbo zambiri m'moyo, m'maholo ndi m'mafoni, koma sindinamvenso chinthu ngati chimenecho. Tsitsi linandiimirira. Gitala inkafunsa, lipenga linkayankha, ndipo panali malo ena pamene abambo anachedwa pang'ono, amalume n'kuwadikira, ngati anthu awiri opatsana njira pamlatho wa mtengo umodzi. Ndinayang'ana pa benchi, ndikuyembekezera ndithu kuona bondo la abambo likugwedezeka. Titafika polumikiza paja nyimbo inadumpha pang'ono, tonse mitima m'mwamba, koma tepi inapirira. Mpata wachiwiri unadutsa. Wachitatu unadutsa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinawauze amalume. Sikuti ndinabisa, kwa ine sichinali mbali ya nyimbo, chinali chibwana cha abambo chabe. Iwo anali asanamvepo kaseti ija mpaka kumapeto. Pa mpata wachinayi abambo sankangoti "apa ndi panu." Ankati, "Apa ndi panu, alamu. Koma mukachedwa ndiziimba ndekha." Kenaka ankapanga lipenga ndi milomo yawo, paa-pa-raa, moipa dala, mpaka kuseka okha, gitala ikugundabe, amayi akumveka chapatali kukhitchini akuti, "Inu, mwapenga kodi?"

Amalume anali atakweza kale lipenga, masaya atadzaza mpweya. Mawu aja atatuluka anangouma. Ndinawaona akulitsitsa pang'onopang'ono mpaka linafika pachifuwa. Ine ndinawakodola ndi dzanja, ndinagunda phazi, ndinawatong'olera maso kuti lowani, lowani! Iwo anangoima, maso ali pa wailesi, misozi ikutsikira m'ndevu. Katsache ka aphunzitsi nako kanaleka. M'chigafa monse munatsala abambo okha, akuliza lipenga lawo la milomo, akuseka, amayi akuwakalipira chapatali. Gitala inatseka nyimbo, ndipo panali chete.

"Amalume, mwaiwala wachinayi!"

Ndinakuwa aphunzitsi asanadine batani, ndiye mawu angawo ali m'kaseti mpaka lero, owawa ngati tsabola. Amayi anandikokera pachifuwa pawo. "Sanaiwale, mwanawe," anatero, thupi lawo likunjenjemera, kaya ndi kulira kaya ndi kuseka.

Aphunzitsi anatulutsa wailesi yawo panja n'kuwaimbira anthu kaseti yatsopano. Palibe anaomba m'manja. Itafika poseka abambo, mkulu wa feteleza uja anaseka nawo, kenaka anabisa nkhope m'chipewa. Pochoka aliyense ankagwira dzanja la amalume ndi manja awiri, "Yewo chomene, adada." Kaseti yakuda ija inaduka madzulo omwewo poibweza, pamalo polumikiza paja, ndipo sinaimbenso.

Kanyimbo ka mpata wachinayi sikanajambulidwe paliponse. Amalume sanakaimbenso, ndipo pano nawonso anapita. Katsala m'mutu mwanga mokha, ndipo chaka chilichonse kakucheperachepera. Koma kuseka kwa abambo kulipo, koyera, kopanda chophimba. Ana anga amadziwa mmene agogo awo ankasekera.

Lachiwiri lija, pamwamba pa lole, pakati pa matilesi ndi mipando, ine sindinkadziwa zimenezi. Ndinakhala chofulatira kuyambira ku Mwazisi mpaka kupitirira pa boma, osalandira ngakhale nthochi imene amalume anandigulira. Mumtima ndinkati munthu uyu abambo anamudikira zaka zitatu, anamusiyira malo, anamuitana ndi pakamwa pawo, ndipo pa mpata wabwino kuposa yonse wachedwanso.