Mchere wa Amake Ndaona

Ku Chawama kunalibe mtsikana wotha msinkhu amene sanadutse m'manja mwa aElesi, amake Ndaona. Makolo awo anachokera ku Dedza kudzafuna ntchito, ndipo mwambo umene anabwera nawo, aElesi anausunga ngati dzira. Masana ankagulitsa salaula pamsika, zovala zakale zija zimene zinasefukira m'dziko pamene makampani a boma ankagulitsidwa, koma chimene chinawapatsa dzina ndi ulangizi. Pa malamulo awo, awiri sankanyengerera nawo munthu: mkazi ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo, ndipo mayi asatenge pakati mwana wake atakwatiwa. Mnansi wawo Judith atagwa m'zimenezi, aElesi anamunena pampopi anthu akumva, kuti akulimbirana matewera ndi mwana wake yemwe.

Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 1994, Ndaona ali ndi pakati poyamba, aElesi anadikira mwezi wawo osauona. Wachiwiri unadutsa, wachitatunso zii. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo manyazi anawagwira mpaka kulephera kuyang'ana mkamwini wawo kumaso. Judith akanangomva, ulangizi ukanathera pomwepo.

Tsono anayamba kunama ndi mchere. Mwezi uliwonse, kwa masiku anayi, ankaitana mokweza amuna awo aGoliati, amene chichotsedwere ntchito ankangokhala pakhonde, kuti adzathire mchere mumphika. Ankakweza mawu dala kuti adumphe mpanda wa Judith. Tsoka lake, aGoliati anali ndi dzanja lolemera, moti banja lonse linkadya ndiwo zowawa chifukwa cha bodza la munthu mmodzi.

Thupi nalo linkawasokoneza. M'nyengo yozizira, anzawo pamsika atafunda zitenje ziwiriziwiri, iwo ankangomva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa kufika kumaso, thukuta kamukamu. Ogula akanenerera mtengo pang'ono, ankawakalipira. Mumtima ankati ndi mwana wa m'mimbayo akuwavutitsa. Tsiku lina akumasula belo la salaula anapeza kajuzi koluka ka khanda, kachikasu. Sanakaike pa thebulo. Anakachapa, n'kusokerera batani limene linasowa, n'kukabisa pansi pa sutukesi. Anadziuza kuti n'ka mdzukulu, koma kwa Ndaona sanakapereke.

Mwezi wachisanu anaperekeza Ndaona kusikelo. Ali pamzere kutentha kuja kunabwera ndi chizungulire, ndipo namwino wina wachikulire, dzina lake Nsofwa, anawalowetsa m'chipinda, Ndaona akuwagwirizira. Namwinoyo atafunsa za mwezi, panalibenso kothawira. Anaulula chapansipansi, maso ali pa simenti, mwana wawo akumva zonse. Nsofwa anawayeza mkodzo, nawauza kuti adikire.

"Bamayo, mulibe mimba," anatero Nsofwa pobwerera. "Ni kukula chabe. Thupi yanu yafika posiya kusamba."

Anawafotokozera mosathamanga kuti mkazi amabadwa ndi mazira ake onse, ndipo pa msinkhu wawowu amakhala akutha. Timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni, timene timayambitsa mwezi kwa namwali, n'timene timachepa, ndipo kuchepako ndiko kumabweretsa kutentha ndi kupsa mtima. Mwezi ukhoza kudzaonekeranso kamodzi kapena kawiri, kenako n'kusiyiratu.

Munthu akanayembekeza kuti aElesi apuma. Ayi ndithu, manyazi anangosintha mbali. Zaka makumi awiri akhala akuphunzitsa ana a eni za chiyambi cha nkhaniyi, koma za mathero ake anali mbuli, chifukwa m'chinamwali palibe nyimbo yake, ndipo amayi awo anamwalira asanawanong'oneze. Komanso pansi pa manyaziwo anapezapo chinthu chimene sankachiyembekeza. Anali ndi chisoni.

Anabwerera pa minibasi. Atafika kunyumba, aElesi anatereka ndiwo, ndipo aGoliati, amene anali atazolowera kuwerenga masiku, anadzuka pampando kukatenga botolo la mchere.

"Siyani, atate ake Ndaona," anatero aElesi. "Kuyambira lero nizathira neka."

AGoliati anawayang'ana, nabwerera pakhonde. Ndaona asananyamuke kupita kwa mwamuna wake, amayi ake analowa kuchipinda natuluka ndi kajuzi kaja. Ndaona anaona batani lija, losiyana ndi anzake, losokedwa ndi ulusi wa amayi ake.

"Amama, munasungira ndani aka?"

"Ni ka mwana wako, tenga."

Ndaona anatambasula manja onse awiri n'kukagwira, koma anadikira kanthawi ndithu, chifukwa zala za amayi ake zinali zisanakasiye.