Doko la ku manda a ambuya

Amene anatilakwira ndi amalume anga enieni, mlongo wawo wa amayi, aja ophunzitsa malamulo ku yunivesite ku Lusaka. Anaulula doko lathu kwa a zanyama.

Mudzi wathu wakale unali tsidya lija la Luangwa. Boma litapereka dziko limenelo kwa nyama, anthu anasamutsidwa, koma manda a ambuya, obereka amayi, anatsala komweko. Chaka chilichonse madzi akaphwa, ine ndi amayi tinkawoloka mwakachetechete pa doko lina kumtunda kwa Nkwali, kukasesa manda, kuthira ufa, n'kubwerera. Maskauti olondera nyama sankapadziwa.

Amalumewo anali otchuka. Pa wailesi ankati maloya ndi oweruza ambiri anadutsa m'manja mwawo, ndipo analemba mabuku onena kuti mwambo wa kumudzi nawonso ndi lamulo. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, mabukuwo sindinawawerenge. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti anatsika pakhomo pathu m'galimoto ya a zanyama.

Asanamalize n'komwe madzi akumwa, anafunsa, "Mlongo wanga, kwa amayi mumawolokera pati masiku ano?"

Ndinawatsina amayi pamkono. Munthu sanapondeko kumanda zaka zonsezi, lero chisoni chachokera kuti? Amayi anandikankha dzanja. "Iwe, si amayi awonso?" Anawalongosolera zonse, mpaka mtengo wa mvunguti umene tinkatsikirapo.

Pasanapite nthawi kunali msonkhano ku boma ku Mambwe, ndipo ndinapalasa njinga kukamvera. Amalume anaima pamaso pa akuluakulu a zanyama, nati anthu a kuno sanataye malo awo, umboni wake mpaka lero amawoloka pamvunguti kukasesa manda. Anthu anaomba m'manja. Ine maso anali pa mkulu wa maskauti. Iye sanaombe, ankangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

Chilimwe chimenecho tinapeza tenti pamvunguti. Skauti wina anawalanda amayi tsache, ufa n'kuukhuthulira mumchenga. Ndinatola mwala. Amayi akanapanda kundikanirira m'chiuno, bwenzi ndili m'ndende.

Mvula inagwa, inakata, inagwanso, manda osasesedwa. Amayi ankangoti, "Ankafuna kutithandiza." Ine ndinkati, nanga a zanyama anawabwereka galimoto ija chifukwa chiyani? Kaya anagulidwa, kaya mawu anangowakomera m'kamwa, mpaka lero sindidziwa.

Tsiku lina amalume anatulukiranso pa galimoto, akumwetulira asanatsike.

"Mlongo wanga, tapambana! A zanyama avomera. Muziwoloka kamodzi pachaka, skauti wamfuti akukuperekezani. Ophunzira anga onse aimva nkhaniyi."

Amayi anawerama. Kumanda kwathu mlendo safikako, amalume ankadziwa bwino. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga tsache latsopano limene amayi anamanga n'kulisunga kudenga, ndinaliponya pa nsapato zawo.

"Amalume, tolani. Chaka chino mutsogole ndinu. Ambuya akakafunsa kuti wamfutiyu wabwera ndi ndani, mukawayankhe nokha."