Magetsi a Kagalimoto ka Daudi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 ku Ngokwe, pamene bambo athu anatumiza katundu kuchokera ku Joni, kumene anali atakhalako zaka zitatu osabwera. M'chikwamamo munali bulangete la amayi, nsapato zanga za kusukulu, ndi kagalimoto kofiira koyendera rimoti ka mchimwene wanga wamng'ono, Daudi. Nsapatozo ndinavala, koma kunena zoona mtima unandiwawa. Ine mtsikana amene ndinkakonza wailesi ya m'nyumba ndi mpeni wa kukhitchini andigulira nsapato, Daudi wosadziwa n'komwe kumene batire limayang'ana ndiye wa galimoto!

Manja anga sankadziwa kukhala. Nyali ya kwathu ndinapanga ndine, monga ankachitira anthu ambiri m'mudzimo: kutola mabatire otha amene ena ataya, kuwandandalika m'katoni, kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kulumikiza timababu ta tochi yakufa. Lamulo lake linali limodzi basi: nyali ikayamba kuzilala, wonjezera batire lina.

Tsono kagalimotoko kanali ndi chinthu chimodzi chimene chinkandisowetsa mtendere. Kutsogolo kwake kunalibe magetsi, anangomatapo timapepala tachikasu. Ndikakaona kakudutsa pabwalo, zala zinkandiyabwa. M'kalasi aphunzitsi akulemba masamu pabolodi, ine ndinkajambula mawaya kumbuyo kwa kope. Sabata yonse ndinamunyengerera Daudi, mpaka kumupatsa chigumu changa kawiri.

"Achemwali, simukawononga?" anandifunsa atakakumbatira.

"Iyayi. Ine ndinawonongapo chiyani pakhomo pano?"

Loweruka amayi atapita kukatola thonje, tinakhala pakhonde. Ndinatenthetsa msomali pambaula n'kuboola timabowo tiwiri, fungo la pulasitiki lili guu. Ndinalowetsa timababu, mawaya ake n'kuwapiringiza pa tizitsulo togwira mabatire a kagalimotoko. Poyamba sitinayake, koma nditatembenuza miyendo yake tinayaka. Daudi analumpha n'kuyamba kuvina pafumbi. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndikusimba nkhani ina.

Koma ine sindinakhutire. Dzuwa linali paliwombo, ndiye kuwala kwa timababuto kunkangooneka ngati ziphaniphani. Sindinaganizeko zolowa m'nyumba n'kutseka chitseko kuti ndione bwino. Mutu wanga unangoti zazilala, wonjezera batire. Otha ndinalibe, choncho ndinatsegula wailesi n'kutulutsa anayi akuluakulu, atsopano, amene amayi anali ataikamo dzulo lake. Ndinawakulunga m'katoni mwachangu n'kuwalumikiza pa mawaya omwe aja.

Timababu tinawala kamodzi, kuwala kothobwa m'maso, kenako n'kuthima. M'kati munamveka kaphokoso, kautsi n'kutuluka pansi pa mateyala.

Daudi anadina rimoti. Anadinanso, kuigwedeza, kuiyandikiza pafupi. Sanalire ayi. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga ababa akafunsa?"

Amayi atabwera kumunda sanafunse zambiri, fungo lija linali litawauza kale. Anatitenga tonse awiri kupita kwa Che Bwanali, okonza mawailesi pamsika. Mkuluyo anamasula kagalimotoko, kukanunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Mwanangu, mabatire otha aja ndi nkhalamba, ungawaunjike khumi sapweteka kanthu. Awa ndi anyamata. Wapsereza mtima wake weniweniwo. Ngakhale ku Balaka simukaupeza."

Amayi sanandimenye, ndipo ndinkalakalaka akanangondimenya zithe. Usiku ndi usana ndinkayembekezera chilango, chakudya osandilowa. Lamlungu, tsiku limene bambo ankaimba, amayi analonjerana nawo pang'ono n'kundiika foni m'manja.

"Uwauze wekha."

Ndinafotokoza ndikuchita chibwibwi, kuyambira pa msomali mpaka pa utsi. Pafonipo ndinkamva magalimoto a ku Joni akudutsa chapatali. Kenako bambo anayankhula motsitsa mawu.

"Ndisanatumize ndinkakayendetsa ndekha m'chipinda muno, ndikuganiza m'mene Daudi azikathamangitsira pabwalopo. Ndimati ndikadzabwera ndidzaone ndi maso anga."

Sanandikalipire. Anangondifunsa za kusukulu.

Bambo anabwera chaka chotsatira, n'kupeza Daudi akukoka kagalimoto kaja ndi chingwe cha khonje, akuliza injini ndi pakamwa. Anaima pachipata nthawi yaitali chikwama chili m'manja, akumuyang'ana. Za kagalimotoko sananene kanthu kwa ine, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Lero ndimaika magetsi a sola m'nyumba za anthu ku Balaka, ndipo ndisanalumikize waya uliwonse ndimayamba ndayeza mphamvu. Koma chimene ndinachedwa kumvetsa si cha mabatire ayi. Zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinkangofuna kumukondweretsa Daudi. Bodza lenileni, iye anali atakondwa kale. Ndinkafuna kuti bambo akamva za magetsiwo adziwe kuti galimoto anapatsa mwana wolakwika. Pofuna kuoneka choncho, ndinalanda munthu wotopa, wokhala kutali ndi ana ake, kanthu kamodzi kamene ankayembekezera kudzaona akafika kwawo.