Chimbale chachisanu chimene ndinafufuta

Mukafunsa anthu a msinkhu wanga ku Matero, adzakuuzani kuti gulu la amuna anga linatulutsa zimbale zinayi. Akunena zomwe akudziwa. Chinalipo chachisanu, chimene sichinafike m'sitolo, ndipo amene anachiwononga ndine, ndi manja anga omwewa, Loweruka lina dzuwa likuswa mtengo.

Amuna anga ndiwo ankaimba ng'oma m'gululo, ng'oma zachizungu zija zokhala ndi mbale zamkuwa. Analipo anayi: iwowo, woimba wa tsitsi lalikulu ngati dengu, wa gitala wosakonda kulankhula, ndi wa besi amene ankatha kuseka ngakhale pamaliro. Ankaimba roko, ija yoliza magitala mpaka malata kunjenjemera. Musaganize kuti kanali kagulu ka m'tavani ayi. Wailesi inkawaika m'mawa ndi madzulo, ndipo atsikana a kumayadi ankavula nsapato kuthamangira galimoto lawo. Ine, mwana wa telala wochokera ku Dedza, ndinawapambana onsewo, ndipo sindinapepesepo kwa munthu.

Kenako mkuwa unatsika mtengo, dziko n'kuuma. Munthu amene walawirira kukaima pamzere wa unga sagula tikiti ya dansi. Eni maholo anaona kuti munthu mmodzi wozunguza zimbale za disko ndi wotchipa kuposa amuna anayi ndi katundu wawo. Nsambo za gitala zinasowa m'masitolo, mpaka wa gitala uja ankamangirira waya wa mabuleki a njinga. Njala italowa m'nyumba zawo, pakamwa pawo panayamba kuwawa. Anakangana pakhonde pathu penipeni, nkhani yake ya ndani anapeka nyimbo iti, ndipo woimba uja anachoka osatsazika. Patapita miyezi tinamva kuti wameta tsitsi, walowa tchalitchi china ku Chawama. Wa gitala anapita kumigodi, osalembanso kalata. Wa besi anadwala nthawi yaitali, tinakamuika kumanda a ku Chingwere. Amuna anga anagulitsa ng'oma zawo imodziimodzi, n'kuyamba kunyamula makatoni m'sitolo ina ku Kamwala.

Chimene chinandiwawa kwambiri si kuchoka kwa ng'omazo. Ndinakwatiwa ndi munthu wogogoda chilichonse: tebulo, chitseko, mbale, ngakhale msana wanga ndikamasita zovala. Ankandisokosa mpaka ndinkawakalipira. Tsopano manja aja anangoti zii pamaondo. Ankapita kuntchito, kubwera, kudya, kugona.

Panali nkhani imodzi yokha imene inkawadzutsa. Asanakangane, anayi aja anali atakonza nyimbo zisanu ndi zitatu zatsopano, ndipo ankaziyeserera kuseri kwa nyumba yathu, ine ndikuchapa matewera pambali. Lamlungu tikabwera kutchalitchi, ndinkangoti, "Bambo a ana, koma chija chikanatuluka," basi nkhope yawo n'kuwala. Tinkachikonza chimbalecho tili pamkeka. Iwo ankati iyambe ndi nyimbo ya madzi osefukira ku Kanyama, chifukwa ng'oma zake zimalowa zokha gitala asanabwere. Ine ndinkakana, ndinkati iyambe ndi ya mzere wa unga, anthu adzizindikire msanga. Ya mayi wodikira sitima tinagwirizana kuti itseke mbali yoyamba. Chithunzi cha pachikuto ndinachiganiza ndine: anayi onse ataima pamzere kusitolo ya boma, magitala kumsana, matumba opanda kanthu m'manja. Ndikunena pano osaphethira, chimbale chimenecho chikanaposa zinayi zija kuziphatikiza pamodzi. Ndinalipo, ndinazimva nyimbozo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti tsiku lina anazijambula pa kaseti. Imodzi yokha. Amuna anga anaibisa mu sutikesi pamwamba pa wodiropu, pansi pa makhadi a kusikelo a ana, osalembapo ngakhale chilembo chimodzi, osandiuzanso.

Ndiye mng'ono wanga anapeza banja. Kitchini pate yake inali kukomboni ya George, kwa azakhali athu, ndipo anandichonderera kuti ndimujambulire nyimbo za alangizi, azikamvera kunyumba kwake. Wailesi ya kaseti ndinabwereka kwa aneba. Mabatire ndinapeza anayi, awiri mwa iwo oyanika kale padzuwa kuti abwererenso mphamvu. Koma kaseti yatsopano, ha! Ndinazungulira Kamwala yense, ena n'kumandiseka. Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira ija ndinaiona mu sutikesi pofuna khadi la mwana.

Inali yothyoledwa timano tija ta pamwamba, chizindikiro choti mwini wake safuna ifufutidwe. Koma mukomboni ndani ankalabadira zimenezo? Makaseti onse a salaula, akale ogula pamsika aja, ankabwera othyoledwa choncho, ndipo ngakhale mwana ankadziwa mankhwala ake: kutafuna kapepala, kutseka timabowo, basi yakonzeka. Ndinatero. Kuti ndiimvere kaye, ndinaganiza ndithu, koma ndinaumira mabatire. Ndinati mwina ndi kwaya yakale.

Ndinajambula ndi mtima wonse. Azimayi anavina, ng'oma zinalira, nthungululu mpaka kumsewu. Mbali yoyamba itadzaza ndinatembenuza, n'kupitiriza mpaka mabatire anafa okha, kaseti itatsala pang'ono kutha.

Mawa lake masana aneba anandipatsa mabatire awo kuti timvere limodzi ntchito yanga. Tinakhala pakhonde, ine wonyada. Amuna anga anali pampando pafupi ndi chitseko. Tinamvera mbali yoyamba, tinamvera yachiwiri. Mawu a azakhali anayamba kukokeka pamene mabatire ankafa paja, kenako kunamveka kuti thi, ndipo mwadzidzidzi gitala analira pakhonde panga. Anali mathero a nyimbo yachisanu ndi chitatu, ndinaizindikira nthawi yomweyo. Itatha, kunamveka kuseka kwa wa besi uja, munthu amene tinamukwirira ndi dothi. Anati, "Ba ng'oma, mwathamanga! Tiyambirenso kuchiyambi." Amuna anga, ndi mawu awo aunyamata, anayankha kuti, "Chabwino, tiyeni." Timitengo ta ng'oma tinagogodana kanayi: ta, ta, ta, ta. Kaseti n'kuthera pomwepo.

Aneba ananyamuka okha osawauza. Amuna anga anayang'ana wailesiyo, kenako anandifunsa motsitsa mawu, "Mwaitenga mu sutikesi?"

Ndinavomera. Sanandimenye, sanatukwane. Bola akanatukwana. Analowa m'nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kundilankhula. Chakudya ankadya, moni wa ana ankayankha, koma ine ndinasanduka mpando.

Ndinalira, osanama. Ndinalira ndi manyazi, chifukwa ndinali nditapha chinthu chimodzi chokha chimene chinkawatsitsimutsa. Koma tsiku lachinayi misozi inasanduka ukali. Ndinawaimirira pakhomo akuchokera kuntchito.

"Bambo a ana, ndalakwa, ndipo ndidzalakwabe mpaka kumanda. Koma inunso! Chinthu chotere mungachisunge ngati chiphaso cha njinga? Cholembera chinasowa? Pakamwa panatupa kuti mundiuze? Zaka zonsezi tikukonza chimbale pamkeka, inu muli nacho pamwamba pa wodiropu!"

Anandilambalala n'kulowa. Ndinaona kuti ndikangokhala, ukwati uno uthera mu zii ameneyu.

Ndinakhala pansi n'kuwerenga zomwe zinatsala. Ng'oma zonse zinali m'manja mwawo, zimenezo sindinakayike. Maimbidwe ake anali m'mutu mwanga, chifukwa nyimbo imene waimva kambirimbiri ukufinya matewera siichoka. Chimene chinkandisowa ndi mawu. Ndinkakumbukira makolasi, koma mavesi anali odukaduka. Mwini mawuwo, woimba uja, anali ku Chawama.

Ndinakwera minibasi Loweruka la sabata yotsatira m'mawa. Ndinamupeza akusesa patchalitchi, atavala tayi, mutu uli mbee. Anali dikoni tsopano. Atamva nkhani yanga anapukusa mutu.

"Ba mulamu, vija vinthu ninavisiya kudala. Ni nyimbo za kudziko. Mwina ni Mulungu wamene anavifuta."

"Mulungu asanamiziridwe, ba dikoni," ndinatero. "Ndafufuta ndine, ndi kapepala kotafuna. Ndipo mundiuze, nyimbo ya mayi wodikira mwana wake pasiteshoni, uchimo wake uli pati? Ya mzere wa unga, kodi akhristu anu saima pamzerepo?"

Anapitiriza kusesa. Ndiye ndinachita chimene mkazi waulemu sachita: ndinaima pabwalo la tchalitchi cha eni ake n'kuyamba kuimba roko. Ndinayamba ndi ya sitima. Mawu anga si oimbira, ndikudziwa, amakhala ngati ndikuitana nkhuku. Pomwe ndaiwala ndinkangong'ung'udza. Azimayi amene ankakolopa m'kati anasuzumira pawindo. Tsache linaima. Ndinaona milomo yake ikuyenda yokha.

"Imwe," anatero mokwiya, "vesi yachiwiri simuyambira pamwamba apo. Muiononga."

"Ndiye ikonzeni."

Anayang'ana kumawindo, anayang'ana ine. Kenako anandilowetsa m'kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka, natenga mapepala akale a ndondomeko ya mapemphero, n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake. Analemba osaima, ngati anazipeka dzulo. Nyimbo zisanu ndi ziwiri zinatuluka zathunthu. Pa yachisanu ndi chitatu anagwira cholembera nthawi yaitali, n'kunena kuti imeneyo mawu ake anapeka ndi malemu wa besi, iye sanaisunge. Anapukuta m'maso ndi tayi. Ndinamupempha kuti abwere kunyumba, anakana. Anangoti, "Mukabauze ati ija ya Kanyama banalemba ni beve. Ninabanamizira."

Lamlungu titabwera kutchalitchi ndinayala mkeka malo ake akale, kuseri kwa nyumba kumene ankayeserera. Amuna anga anali atakhala chapomwepo pamthunzi, akuyang'ana khoma. Ndinabwerekanso wailesi ija. Kaseti ndinaizunguza ndi pensulo mpaka pa malo ake, kuti ndisawononge mabatire. Ndowa yochapira ndinaivundikira pafupi ndi mapazi awo, ndi mithiko iwiri pamwamba. Mapepala a dikoni ndinawaika pamiyendo panga.

Ndinawauza uthenga wa ku Chawama, woti ya Kanyama anapeka ndi iwo, mawu ake momwe analili. Anapitiriza kuyang'ana khoma.

"Ndagonja," ndinatero. "Iyambe ndi ya Kanyama."

Ndinatsegula wailesi. Gitala analira, nyimbo inatha, malemu anaseka, nati tiyambirenso kuchiyambi. Timitengo tinagogoda kanayi, kaseti n'kuima. Pamene inaimapo, ine ndinalowa ndi vesi yoyamba, ndekha, ndi mawu anga oitanira nkhuku aja. Ndinamaliza vesi, ndinalowa kolasi. Ana anabwera kudzaima pakona ya nyumba. Ndowa inali chete. Ndinayamba vesi yachiwiri misozi ikutsika, ndikudziuza kuti ndikafika kumapeto ali chomwecho, ndiye kuti ndawataya.

Chimbale chimenecho sichinatuluke, ndipo sichidzatuluka. Amene anachimva chonse, kupatula yachisanu ndi chitatu imene inapita ndi mwini wake ku Chingwere, ndi ana anga, aneba, ndi nkhuku za aneba. Koma ndondomeko yake ndikhoza kukuuzani lero, mbali yoyamba ndi yachiwiri, osaphonya.

Ndili pakati pa vesi yachiwiriyo ndinamva ndowa ikukokedwa pansi. Ndinasiya kuimba. Amuna anga anali ataipana pakati pa maondo, mithiko ili m'manja, akuiyesa kulemera kwake. Anandiyang'ana m'maso koyamba m'masiku khumi ndi anayi.

"Mayi a ana," anatero, "mwathamanga. Tiyambirenso kuchiyambi."

Anagogoda mithiko kanayi.